Reverb ya bokosi ikayamba kumveka ngati mgolo: mmene mungasakire vuto

Ma plugin a reverb, mapulogalamu a mu kompyuta amene amapatsa mawu mchira ngati akumvekera m'chipinda kapena mu holo, masiku ano ndi abwino, palibe angatsutse. Komabe akatswiri ambiri omiksa nyimbo ndi mafilimu akubwereranso ku bokosi lenileni lachitsulo, lija lomangirira mu rack. Ena akusakasaka Lexicon 480L ya mu 1986 ndi ka LARC kake, kachipangizo koiwongolera koika pa tebulo. Ena akugula Bricasti M7, imene idatuluka mu 2007 m'manja mwa Brian Zolner ndi Casey Dowdell, anthu amene adagwirapo ntchito ku Lexicon komweko. Omiksa mafilimu akhala akudalira TC Electronic System 6000 ndi Lexicon 960L chifukwa zimatha kudzaza masipika onse 6 a 5.1 ozungulira womvera. Amene thumba lili lopepuka amagula Yamaha SPX90 kapena Lexicon PCM 70 yogwirapo kale ntchito. Chimene onsewa akufuna n'chimodzi: mchira wa mawu umene umazilala bwinobwino, woimba n'kumveka ngati waima m'chipinda chenicheni.

Bokosilo likafika, sabata yoyamba ambiri amakhumudwa. Mawu a woimba apyapyala, kapena pali kuthetheka, kapena mwatulutsa nyimbo mwapereka kwa mwini wake ndipo reverb mulibemo. Munthu n'kuyamba kuganiza kuti amugulitsa chinthu chakufa. Mwa mavuto amene ndakumana nawo, ochepa kwambiri ndiwo adali m'kati mwa bokosi. Ochuluka adali pa njira imene mawu amadutsa kuchoka mu kompyuta, kulowa m'bokosi ndi kubwerera. Mabokosi akalewa adawapanga kuti azikhala pambali pa mixer yaikulu ya analog, pamene mawu amapita n'kubwera nthawi yomweyo. Kompyuta siitero. Imachedwetsa chilichonse chotuluka ndi cholowa.

Mawu opyapyala, ngati munthu akuimbira mu mgolo

Ili ndilo vuto limene limabwerabwera kuposa onse, ndiye ndikhalapo nthawi.

Tsiku lina ndinkamiksa kwaya ya anthu pafupifupi 30 imene tidaijambulira m'kachipinda kouma, kotchinga ndi masiponji. Ndidatumiza mawu onse ku bokosi lakale limene ndidabwereka. Mtsogoleri wa kwayayo, bambo wachikulire ndithu, adakhala kumbuyo kwanga atavula chipewa n'kuchiika pabondo. Atamva vesi yoyamba adapukusa mutu. "Achimwene, amayi anga a alto sayimbira m'mphuno chonchi. Mwawatani?" Ndidayamba ndi EQ, chida chokwezera kapena kutsitsira mbali zapansi ndi zapamwamba za mawu, kuwonjezera apa, kuchotsa apo, osathandiza. Kenako ndidazimitsa njira yobwerera ku bokosi, ndipo mawu a amayi aja adabwerera mwakale, odzaza bwino. Nditayatsanso, mphuno zija zabwerera. Pa sikirini yaing'ono ya bokosi panalembedwa kuti Mix ili pa 50.

Chimene chimachitika n'chakuti bokosi likubweza zinthu ziwiri: reverb, komanso mawu ouma, opanda reverb, omwe munatumiza. Mawu oumawo akubwera mochedwa pang'ono n'kukumana ndi anzawo amene sadachoke mu kompyuta. Mawu amodzimodzi akakumana wina atatsalira pang'ono, ma frequency ena amafafanizana. Akatsalira ndi 1 ms (gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi), dzenje loyamba limakhala pa 500 Hz, lina pa 1,500 Hz, lina pa 2,500 Hz, kumapitirira motero ngati mano a chipeso, n'chifukwa chake amati comb filtering. Akatsalira ndi 2 ms, dzenje loyamba limatsikira pa 250 Hz, pomwe pali thupi la mawu a munthu. EQ siingakonze zimenezi chifukwa vuto lake ndi la nthawi.

Poyesa, imvani njira yobwerera yokhayokha, zina zonse mutazitseka. Ngati mukumva woimba ali pafupi, mawu ake omveka bwinobwino kutsogolo kwa reverb, ndiye kuti mawu ouma akudutsa. Ikani Mix, kapena Wet/Dry, kapena Balance pa 100. Koma musathere pomwepo. Pa mabokosi ena nambalayi imasungidwa pa preset iliyonse payokha, ndiko kuti pa mtundu uliwonse wa reverb wosungidwa m'bokosi, moti mukasintha kuchoka pa mtundu wa hall kupita pa wa plate, yabwerera pa 50 inu osadziwa. Fufuzani ngati bokosi lanu lili ndi malo oikira Mix imodzi ya ma preset onse. Ngati lilibe, sungani ma preset amene mumagwiritsa ntchito mutawakonza kale.

Nthawi zina Mix ili pa 100 koma reverb yeniyeniyo ndi imene ikumveka ngati ikudutsa mu paipi. Apo yang'anani audio interface, chida cholowetsa ndi kutulutsa mawu mu kompyuta. Ma interface ambiri ali ndi direct monitoring, imene imatumiza cholowa chilichonse ku masipika osadutsa mu DAW, pulogalamu imene mumajambulira ndi kumiksira. Ikakhala yoyatsa pa ma input a bokosi, mukumva reverb kawiri: ina yachindunji, ina yodzera mu DAW yochedwa. Tsekani ma input amenewo mu ka mixer ka interface. Choopsa cha vutoli n'chakuti chimene mukumva si chimene chikujambulidwa, ndiye mutha kutaya ola lathunthu mukukonza chinthu chimene mu fayilo mulibe.

Reverb ikusuntha, lero pafupi mawa kutali

Ngati bokosi likubweza reverb yokha, kuchedwa kwa 2 kapena 3 ms si nkhani. Kumangokhala ngati mwawonjezera pang'ono pre-delay, kanthawi kodikira reverb isanayambe. Nkhani imakula ndi buffer, mulu wa ma sample, tizidutswa ta mawu, umene kompyuta imasonkhanitsa kaye isanautumize. Pa 48 kHz, ma sample 48 ndi 1 ms. Buffer ya 1,024 ndi pafupifupi 21 ms, ndipo mawu amaidutsa potuluka ndi pobwera, ndiye mwapitirira 40 ms musanawerengere ma converter, osintha mawu pakati pa digital ndi analog. Munajambula pa buffer ya 128, pomiksa mwaikweza kuti kompyuta ipume, ndipo mwadzidzidzi ng'oma ya snare yasiyana ndi mchira wake. Simunakhudze bokosi koma chipinda chakula.

Mankhwala ake ndi kuiuza DAW kuti ulendo wopita ndi kubwera ukutenga nthawi yaitali bwanji. Mu Cubase mumalembetsa bokosi pa External FX, mu Logic pali I/O plugin, mu Reaper pali ReaInsert, mu Studio One pali Pipeline, mu Ableton Live pali External Audio Effect, ndipo mu Pro Tools muli H/W Insert Delay mkati mwa I/O Setup. Angapo mwa amenewa ali ndi batani la ping, limene limatumiza kamawu kakafupi n'kuyeza nthawi imene kabwerera. Msampha uli apa: ping siingayeze bwino kudzera mu reverb yeniyeni, chifukwa chobweracho ndi chifunga cha mawu chopanda poyambira penipeni. Ikani bokosi pa bypass, pamene mawu amangodutsa osakhudzidwa, kapena pa mawu ouma okhaokha, muyeze, kenako mubwezere pa 100. Musaiwale kubwezera, apo ayi mwadzibweretsera nokha vuto la mgolo lija.

Ine sindikhulupirira ping ndisanaone ndi maso. Ndimaika ka click kamodzi pa track, ndikutumiza ku bokosi lili pa bypass, ndikujambula chobwera pa track ina, kenako ndikukulitsa chithunzi mpaka ma sample aoneke limodzilimodzi. Nsonga ziwirizo zikakhala pamzere umodzi, zatheka. Zikasiyana, ndimawerenga kusiyanako n'kulemba ndi dzanja. Mukasintha sample rate, kapena mukachoka pa analog kupita pa digital, yezaninso.

Kuthetheka

Kumamveka ngati nkhuni zaziwisi pamoto: the, the, patalipatali, nthawi zina kamodzi pa masekondi 10, nthawi zina motsatizana. Kumawonekera kwambiri pa mchira wa reverb pamene nyimbo yatsika. Ngati mwalumikiza bokosi pa njira ya digital monga AES/EBU, S/PDIF kapena ADAT, yambani ndi clock musanaganize china chilichonse.

Zida za digital zikalumikizana, chimodzi chokha ndicho chiyenera kuimba ng'oma ya nthawi, zina zonse zizitsatira. Interface ikakhala pa Internal ndipo bokosi nalonso pa Internal, zonse zikunena 48 kHz koma palibe ma clock awiri amene amayenda ndendende. Pang'onopang'ono zimasiyana, sample imodzi n'kutayika, ndiye kuthetheka mukumvako. Siyani interface pa Internal, bokosi muliuze litsatire chimene chikulowa pa digital input kapena pa word clock, nthambo yonyamula nthawi yokha, ndipo onetsetsani kuti nyale ya Lock yayaka osaphethira. Cholakwika china chosaoneka msanga ndi kuika zonse ziwiri pa External: interface ikutsatira bokosi, bokosi likutsatira interface, palibe wotsogolera. Zikatero mawu amatha kukwera kapena kutsika okha, kapena kuzimiririka.

Clock ikakhala bwino koma kuthetheka kulipobe, nthambo ndiyo yotsatira. AES/EBU imafuna nthambo ya 110 ohm. Nthambo ya maikolofoni imalowa bwinobwino chifukwa mutu wake ndi XLR yemweyo, ndipo pa mita imodzi imatha kugwira ntchito, koma ikatalika imayamba kutaya. S/PDIF ya coaxial ndi word clock zimafuna 75 ohm, ndipo mzere wa word clock uyenera kutsekedwa ndi terminator ya 75 ohm kumapeto kokha.

Kumbukiraninso msinkhu wa bokosi. 480L siipitirira 48 kHz. Session yanu, ntchito imene mwatsegula mu DAW, ikakhala pa 96 kHz, bokosi lotere lilumikizeni pa analog basi, mudzipumitse. Kunena zoona, pa mabokosi a zaka za m'ma 1980 ine ndimakonda analog ngakhale pali njira ya digital, chifukwa ma converter ake akalewo ndi mbali ya kukoma kumene tikulifunira.

Kung'ung'udza

Kuno kwathu, ku South Africa ndi ku Britain magetsi amayenda pa 50 Hz, ndipo ku America pa 60 Hz. Mukamva "huuu" wapansi wosasintha, tsegulani analyser pa njira yobwerera. Nsonga pa 50, 100 ndi 150 Hz zikukuuzani kuti ndi magetsi.

Zulani nthambo zolowa m'bokosi, musiye zotuluka zokha. Phokoso likatha, ndiye kuti ground ikuyenda njira ziwiri pakati pa zida zanu, chija amati ground loop. Choyamba, lumikizani kompyuta, interface ndi bokosi pa soketi imodzi, osati china pakhoma ili china pakhoma lija. Chachiwiri, gwiritsani nthambo za balanced, XLR kapena TRS, paliponse pamene zida zikulola. Zikakanika, ikani isolation transformer pakati, kapena dulani shield pa pin 1 mbali imodzi yokha ya nthambo ya mawu. Ngati ndi laputopu, zulani chaja mumve ili pa batire. Machaja otsika mtengo amabweretsa kaphokoso kosongoka kamene kamasintha mukasuntha mouse.

Chimene simuyenera kuchita, ngakhale wina akuuzeni kuti zimathandiza, ndi kuthyola kapena kumasula mwendo wa earth pa pulagi ya magetsi. Phokoso limathadi. Koma tsiku limene waya wamoto udzakhudze chitsulo cha bokosi, magetsiwo adzadutsa mwa inu kapena mwa woimba amene wagwira maikolofoni.

Phokoso likakhalapobe bokosi lili lokhalokha, makamaka pa 100 Hz, mwina ma capacitor a power supply akalamba. Bokosi la zaka 35 kapena 40 zimenezi n'zoyembekezeka, ndipo ndi ntchito ya katswiri wokonza zamagetsi, osati yotsegula nokha. Amene mwaitanitsa bokosi ku America, werengani kachitsulo kakumbuyo musanalilumikize. Lopangidwira 120 V mukalipatsa 230 V yathu, mwayi wanu ndi wakuti fyuzi yokha ipse. Komanso ma inverter otsika mtengo amene satulutsa sine wave yeniyeni amaliritsa thiransifoma ya m'bokosi n'kuitenthetsa. Magetsi akathima pakati pa ntchito, zimitsani bokosi pa switch yake, ndipo akabwera dikirani mphindi zingapo akhazikike.

Zing'onozing'ono zofulumira kuziona

Reverb ikamveka ndi "sss" wambiri, kapena ikusweka pa mawu okwera, onani ma level. Zida za akatswiri zimayenda pa +4 dBu, zina zotsika pa -10 dBV, ndipo kusiyana kwake ndi pafupifupi 12 dB. Kumbuyo kwa bokosi kapena mu software ya interface mumakhala posinthira. Tumizani mawu okwanira kuti ma meter a bokosi akwere bwino osafika pofiira, kenako muchepetse pobwerera. Ambiri amachita mosemphana: kutumiza pang'ono, kukweza kwambiri pobwera, ndiye akukweza phokoso la bokosi.

Reverb ikazimiririka mukadina mono, mwina nthambo imodzi mwa ziwiri zobwerera ili ndi pin 2 ndi pin 3 zosinthana. Zida zina zakale zinkatenga pin 3 ngati hot lamulo la pin 2 lisanakhazikike, ndipo nthambo zowotcherera pamanja nazonso zimalakwika. Tembenuzani polarity ya mbali imodzi mumve kusiyana kwake. Musachinyozere, chifukwa nyimbo zambiri anthu azimvera pa foni ndi pa kawailesi ka sipika imodzi.

Kulira kokwera kokha mpaka masipika kufuna kung'ambika ndi feedback: track yobwerera ili ndi send yopita ku bokosi lomwelo, kapena mwatumiza ku output 1 ndi 2 kumene kukupitanso mix yonse. Tsitsani masipika kaye, musake pambuyo.

Mu fayilo mulibe reverb

Offline bounce, njira yotulutsira fayilo ya mix nyimbo isakuseweredwa, imathamanga kuposa nthawi yeniyeni, nyimbo ya mphindi 5 n'kutha pa masekondi ochepa. Bokosi silingathamange choncho, limamva nyimbo pa liwiro lomwe inu mumaimvera. Sankhani real-time, ndipo siyani masekondi angapo kumapeto kuti mchira usadulidwe.

Koma langizo langa lenileni ndi lakuti muzijambula reverb pa track yakeyake ya stereo mukangokhutira nayo. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Plugin imasungidwa pamodzi ndi session, pamene bokosi silikumbukira kuti nyimbo iyi inali pa preset iti. Pakatha miyezi itatu woimba n'kubwera kuti mumukwezere mawu pang'ono pa kolasi, bokosi lili pa ntchito ina, kapena mwini wake adalitenga. Mabokosi akale amasunganso ma preset anu ndi kabatire kakang'ono ka mkati, ndipo kakatha mumangodzuka m'mawa zonse zafufutika. Jambulani track, lembani dzina la preset ndi manambala ake mu notes za session, jambulaninso chithunzi cha sikirini ndi foni. Ngati bokosi lili ndi MIDI, tumizani ma preset ku kompyuta pa SysEx musunge.

Kujambulaku kumakupatsaninso mabokosi ambiri mwa limodzi. Pitani kamodzi ndi plate ya mawu otsogolera, mubwerere ndi room ya ng'oma, kenako hall ya kwaya. Aliyense pa track yake.

Zonse zili bwino koma mix yachita matope

Apa palibe chowonongeka, ndi kagwiritsidwe ntchito. Bokosi latsopano limakoma, ndipo dzanja limalemera. Ikani EQ pa send mawu asanalowe m'bokosi, mudule pansi pa 600 Hz ndi pamwamba pa 10 kHz, njira imene ambiri amaitchula ndi dzina la Abbey Road. Manambalawo si lamulo. Pa kwaya ya abambo a bass 600 imatha kuchotsa zambiri, ndiye tsikani mpaka khutu livomere. Kenako pre-delay, kuti liwu limveke kaye chipinda chisanayankhe. Gawani 60,000 ndi BPM mupeze kutalika kwa beat imodzi: pa 120 BPM ndi 500 ms, ndiye mukaigawa pa 16 kapena pa 8 mupeza 31 ms kapena 62 ms, poyambira pabwino. Chinenero chathu pafupifupi liwu lililonse limathera pa a, e, i, o kapena u, ndipo mavawelo amenewa ndi amene amadzaza reverb. Decay, kutalika kwa mchira, ikakhala yaitali pa nyimbo ya mawu othamanga imakwirira "nd", "mb" ndi "ts" za liwu lotsatira, womvera n'kulephera kutola uthenga.

Pa filimu

Ntchito ya filimu imayenda pa 48 kHz, ndiye onani kuti bokosi silinatsalire pa 44.1 kHz ya nyimbo imene munamiksa dzulo. Frame imodzi pa 25 fps ndi 40 ms, pa 24 fps ndi pafupifupi 42 ms. Bokosi likakhala pa insert ya mawu a wosewera osayezedwa, buffer yaikulu ija yokha ndi yokwana kusiyanitsa milomo ndi mawu ndi frame yathunthu.

Vuto lalikulu la filimu ndi ma stem, mafayilo apadera a mbali iliyonse ya mix. Ofalitsa amafuna zolankhula, nyimbo ndi ma effect padera, kuti filimu ikamasuliridwa m'chinenero china achotse zolankhula zokha. Mukatumiza zonse zitatu m'bokosi limodzi nthawi imodzi, mchira wa mawu a wosewera ulowa mu stem ya nyimbo ndi ma effect, ndipo womasulira adzamva chinenero choyamba chikunong'ona kumbuyo kwa chatsopano. Ndi bokosi limodzi, dutsani katatu, stem iliyonse payokha. M7 ndi ya stereo, choncho ofuna kudzaza 5.1 amalumikiza angapo, kapena amajambula kutsogolo kaye kenako kumbuyo ndi pre-delay yotalikirapo.

Pomaliza pali mawu ojambulidwanso mu situdiyo, ADR, amene ayenera kukhala m'chipinda chomwe chikuoneka pa kanema. Ma hall otchuka aja apa alibe ntchito. Tengani room kapena ambience yaifupi, decay yosafika sekondi imodzi, muibweze mono pa sipika yapakati pomwe pali mawu ojambulidwa pa malo. Kenako sewerani mzere womaliza wa pa malo ndi mzere woyamba wa ADR motsatizana, mutatsinzina, ndipo muzisintha early reflections, mawu oyamba kubwerera kuchokera ku makoma, mpaka mulephere kudziwa pamene mzere wina wathera ndi pamene wina wayambira.